Za mphunzitsi wa IELTS amene mukuti akudulayo

Achemwali, mukuti mayi amene mwamupeza wophunzitsa IELTS, mayeso a Chingerezi omwe amafunika pokagwira ntchito kunja, akudula. Musamuthawe mayiyo chifukwa choti mtengo wake ukuwirikiza wa aphunzitsi enawo. Ine mtima umandiwawabe ndikakumbukira zomwe anandichita munthu wotchipa, ndiye mundilole ndilankhule.

Ndine namwino ngati ambiri muno. Mukudziwa kuti NMC, bungwe lolembetsa anamwino ku UK, imafuna IELTS Academic, ndipo upeze 7 pa Reading, Listening ndi Speaking, ndi 6.5 pa Writing. Ndinapeza bambo wina wophunzitsa Chingerezi kusekondale, wodzitama kuti ana ake amakhoza bwino MSCE, ndipo ankalipiritsa theka la zomwe ankafuna mayi wina wa mapepala ake. Ndinamuuza poyera kuti ndikufuna kukagwira ntchito ya unamwino ku UK. Anati palibe vuto. Ndikaweruka ku wodi, miyendo itatupa, ndinkathamangira kwa iye kukalemba makalata. Kalata yodandaula kwa landilodi, yopempha tchuthi kwa bwana, yoitanira mnzako ku ukwati. Iye n'kumachonga ndi bolopeni yofiira, pansi n'kulemba kuti "very good".

Tsiku la mayeso ku Lilongwe, itafika nthawi ya Writing, ndinayang'ana Task 1 ndikuyembekezera kalata. Kunalibe kalata. Panali girafu ya mizeremizere yopingasana, zaka pansi, manambala m'mbali, ati fotokozani zomwe mukuona ndi mawu osachepera 150. Ndinamva kutentha kuchokera m'khosi mpaka m'makutu. Manja ananyowa thukuta, ndinkapukutira pa siketi koma osauma. Anzanga kumanja ndi kumanzere ali kalikiliki kulemba, ine ndangoti kukamwa yasa, sindikudziwa ngakhale poyambira. Ndinayamba kutchula nambala iliyonse imodziimodzi, kufufuta, kuyambiranso. Gawo limeneli ndi la mphindi 20 zokha, koma ine linandidyera nthawi ya Task 2, yomwe imafuna mawu 250 komanso mamalikisi ake ndi owirikiza kawiri. Woyang'anira atanena kuti nthawi yatha, nkhani yanga inalibe ngakhale mathero. Ndinatuluka n'kukalira kuchimbudzi, mayi wamkulu ngati ine.

Makalata aja ndi a General Training, achemwali! Munthuyo sankadziwa n'komwe kuti IELTS ili mitundu iwiri. Writing ndinapeza 5.5. Nditamufunsa, popanda manyazi anandiyankha kuti Chingerezi ndi Chingerezi basi, inuyo munangochita mantha. Mantha? Ndalama ya mayeso ndinachita kukongola ku banki mkhonde, ndinkabweza ndi chiwongoladzanja ana akudya nsima ya masamba okhaokha. Osapepesa, osabweza ngakhale 1 tambala, ndipo ndikumva kuti mpaka pano akulembabe anthu ena. Kenako kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye ganizirani mtengo wolemberanso mayeso omwe ndalama yake imatsatira ya kunja. Anthu otere ndi akuba, kungoti amaba atavala tayi.

Ndinabwerera kwa mayi ndinamuthawa uja, ndipo m'pamene ndinaona chomwe timalipira. Ali ndi CELTA, satifiketi yophunzitsira Chingerezi ya ku Cambridge, maphunziro a maola pafupifupi 120 omwe amakuonerera ukuphunzitsa anthu enieni kwa maola 6, ndipo maphunzirowo salipira ndi makwacha ayi. IELTS anailembapo yekha. Nkhani yanga yoyamba inabwerako yofiira paliponse, atayigawa pa zinthu zinayi zomwe ochonga amayang'ana: ngati wayankha funso, ngati mfundo zikulumikizana, mawu omwe wasankha, ndi galamala. Anandionetsa kuti pa girafu satchula chilichonse, umayamba wanena chithunzi chonse m'ziganizo ziwiri, kenako n'kusankha zikuluzikulu. Speaking, ija ya mphindi 11 mpaka 14, ankandijambula mawu pa foni n'kundimvetsera ndekha momwe ndinkasinthanitsira he ndi she. Ola limodzi lomwe mumakhala naye lili ndi maola ena kuseri, usiku akuchonga ntchito yanu. Satenganso chigulu cha anthu, chifukwa sangachonge onse motero. Mabuku a Cambridge, intaneti, zonsezo ndi ndalama. Ndiye atchipe bwanji?

Komabe musangopereka ndalama chifukwa munthu watchula mtengo waukulu. Alipo ena odula omwe ndi achinyengo kuposa bambo ujayo, angogula suti ndi laputopu. Muuzeni akuonetseni satifiketi, mumufunse kusiyana kwa Academic ndi General, akayamba kuzungulira nyamukani. Ndipo kunena zoona, mnzanga wina wa ku wodi kwathu anakhoza popanda mphunzitsi aliyense, ankangoyeserera mayeso aulere a pa webusaiti ya British Council ndi mavidiyo a pa YouTube. Reading ndi Listening mutha kulimbana nazo nokha, mayankho amakhala kumapeto kwa buku. Ngati ndalama ndi yochepa, musalipire miyezi yambirimbiri. Kambiranani naye mayiyo kuti azingokuchongerani Writing ndi kukuyesani Speaking kangapo, ambiri amavomera. Ndipo musalembetse mayeso mapepala anu ena opitira ku UK asanakonzeke, zotsatira zimagwira ntchito zaka 2 zokha.