Yankho: Kodi kale okalamba ankawang'amba pamimba?

Achimwene, mwafunsa ngati kale madokotala ankalimba mtima kuchita opaleshoni munthu wachikulire wodwala m'mimba. Ankaopa kwambiri, ndipo mantha ake anali omveka, chifukwa maantibayotiki kunalibe. Nthawi zambiri ankangomugoneka wodwalayo, kumupatsa zamadzimadzi ndi opium wochepetsa ululu, n'kumadikira.

Koma taonani za Mfumu Edward VII ya ku Britain. Mu June 1902, ili ndi zaka 60 komanso thupi lonenepa, inagwidwa ndi ululu woopsa kumunsi kwa mimba, mbali yakumanja. Matendawo anafika poipa kutatsala masiku awiri kuti ivekedwe ufumu pa 26 June, ndipo poyamba inakaniratu mpeni. Pa 24 June, dokotala wa opaleshoni Frederick Treves anaing'amba m'nyumba yachifumu ya Buckingham. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti apendikisi (kachiwalo kakang'ono ka kumatumbo komwe kanayambitsa vutolo) sanaichotse ayi. Anangoboola chithupsa, mafinya n'kutuluka, kenako anasiya timapaipi pabalapo kuti otsalawo azikha pang'onopang'ono. Ineyo ndimaona kuti anachita mwanzeru, chifukwa kufukulafukula m'matumbo otupawo kukanafalitsa mafinya m'mimba monse.

Mfumuyo inachira, ndipo mwambowo unachitika pa 9 August.