Kodi dark matter ilipodi, kapena lamulo ndi lolakwika?

Achimwene, mwafunsa ngati dark matter, chinthu chosaoneka chimene akuti chimakoka nyenyezi ndi kulemera kwake, ilipodi, kapena ngati olondola ndi amene akuti tingokonza masamu a kupindika kwa mlengalenga basi zonse zilongosoka. Funsoli si lachibwana, chifukwa mbali zonse ziwiri zinapambanapo kale.

Uranus itayamba kuphonya njira imene akatswiri anaiwerengera, katswiri wa ku France Le Verrier anati pali pulaneti yobisika imene ikuikoka, ndipo mu 1846 Neptune inapezekadi. Ataona Mercury nayo ikuchita zachilendo, anatinso pali ina. Imeneyi inapatsidwa dzina loti Vulcan, koma anthu anaisaka zaka zambirimbiri osaiona. Mu 1915 Einstein anaonetsa kuti Dzuwa limapinda malo ndi nthawi, ndipo kakusiyana ka njira ya Mercury kaja, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 84 a digiri pa zaka 100, kanatuluka ndendende m'masamu ake. Panalibe chobisika, lopelewera linali lamulo la Newton.

Lero mkangano uli pa milalang'amba. M'zaka za m'ma 1970 Vera Rubin anapeza kuti nyenyezi za kumphepete zikuzungulira mwaliwiro loti zikanayenera kutayika, ndiye ambiri anati pali dark matter imene ikuzigwira. Mu 1983 Milgrom anabwera ndi MOND, yoti mphamvu yokoka ikafooka kwambiri imasintha khalidwe. Ine MOND sindiinyoza ayi, pa mlalang'amba umodziumodzi imalosera bwino modabwitsa. Koma ikafika pa magulu a milalang'amba imapelewera. Pa Bullet Cluster, pamene magulu awiri a milalang'amba anawombana, mu 2006 kuwala kunaoneka kukupindika kwambiri pamalo osiyana ndi pamene pali mpweya wochuluka, ngati kuti cholemeracho chili padera.

Chimene chimandigwira mtima ndi cha mu Ogasiti 2017. Nyenyezi ziwiri za neutron, zotsalira zolemera kwambiri za nyenyezi zophulika, zitawombana, mafunde a mphamvu yokoka ndi kuwala zinayenda zaka pafupifupi 130 miliyoni, n'kufika kuno mosiyana ndi masekondi osakwana awiri. Ziphunzitso zambiri zoti ziwirizi zimayenda mosiyana zinagwera pomwepo, kuphatikizapo TeVeS ya Bekenstein ya mu 2004, yolumikiza MOND ndi masamu a Einstein, monga inalili poyamba.

Musaiwalenso za zombo za m'mlengalenga za Pioneer 10 ndi 11. Zombozi zinkachepa liwiro pang'ono, anthu n'kulemba malamulo atsopano ambirimbiri, koma mu 2012 zinadziwika kuti kunali kutentha kotuluka m'zombo zomwezo.

Ndiye ine ndimatsamira ku dark matter, ngakhale zimandisowetsa mtendere kuti mpaka pano palibe makina amene aigwirapo. Amene akuti tingokonza masamu aja muwafunse kuti Mercury, Bullet Cluster ndi masekondi awiri aja akuzifotokoza bwanji ndi masamu amodzimodziwo.