Mabwana a mchimwene wanu ku Israel amazimitsa foni Loweruka, nanga mzinga ukabwera?

Mayi wina wandilembera email wiki yatha, akuti mchimwene wake ali m'gulu la anyamata aja anayamba kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel kumapeto kwa 2023, ndiye banja lomwe akuligwirira ntchito ndi lachiyuda lopemphera kwambiri. Akufunsa kuti, "anthuwa akuti Lachisanu madzulo amatseka chilichonse mpaka Loweruka usiku, foni ayi galimoto ayi, nanga mizinga ikamabwera amadziwa bwanji? Komanso amakhala bwanji ndi nkhondo zosathazi?"

Achemwali, zomwe wakuuzani mchimwene wanuyo ndi zoona, sakuwonjezera. Sabata limayamba dzuwa likamalowa Lachisanu, mayi wa pakhomo amayatsa makandulo dzuwalo lisanalowe (ku Yerusalemu amayatsa kutatsala mphindi 40) ndiye kuchokera pamenepo basi, palibe kuphika, kuyatsa kapena kuzimitsa getsi, kulemba, kugwira ndalama. Anzathu a Seventh Day kuno amasunga Sabata inde koma awa anafika pena. Ndiwo zonse amaphikiratu n'kuzisiya pa chimbale chamagetsi chomwe chimakhala chofunda usiku wonse, magetsi a m'nyumba amawatchera pa kawotchi kuti azizima okha, pa tebulo pamakhala mabuledi awiri oluka ndi vinyo, ana onse ayenera kukhalapo. Kukhitchini nako nyama ndi mkaka sizikumana, mbale zake zosiyana mapoto osiyana, ena mpaka masinki awiri. Ntchito ndi sukulu zimayamba Lamulungu.

Tsono za mizingazo. M'chipembedzo chawo muli lamulo lomwe amati pikuach nefesh, loti moyo wa munthu ukakhala pa chiswe malamulo a Sabata amayamba apatuka kaye. Ndiye atsogoleri awo achipembedzo, omwe amawatcha ma rabbi, amalola kusiya foni yoyaka pakona chifukwa cha app yochenjeza, komanso kuyambira nthawi ya nkhondo ya ku Gulf mu 1991, Iraq ikuponya mizinga ya Scud, kunabwera wailesi ina yodabwitsa yomwe pa Sabata imangokhala zii osaulutsa kanthu, imayankhula pokhapokha kukakhala ngozi. Mumaitsegula Lachisanu n'kuisiya choncho. Panja napo pali masayirini. Nyumba zomangidwa kuchokera 1992 zimayenera kukhala ndi chipinda cha konkire chokhala ndi chitseko chachitsulo, amachitcha mamad, masiku wamba chimangokhala chogona ana. Sayirini ikalira ku Yerusalemu kapena Tel Aviv muli ndi masekondi 90 oti mulowemo, koma ku Sderot kufupi ndi Gaza ndi 15 okha, tangoganizani muli ndi ana asanu wina ali kubafa wina wagona pampando.

Pa 7 October 2023 pomwe Hamas inapha anthu pafupifupi 1,200 n'kugwira ena pafupifupi 250 linali Loweruka, komanso tsiku la chikondwerero cha Simchat Torah pomwe amavina ndi mipukutu ya malamulo m'masunagoge. Ambiri opemphera anamva mochedwa poti mafoni anali ozima, ndipo azibambo ena anatuluka m'sunagoge n'kuliza galimoto pa Sabata pomwepo kuthamangira ku usilikali. Asilikali ongodikira kuitanidwa ali kwawo (reserve) oposa 300,000 anaitanidwa masiku amenewo, azimayi n'kutsala okha ndi ana miyezi.

Apa mpomwe ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ife tikati "Ayuda opemphera" timangowaika m'thumba limodzi ngati anthu a m'Baibulo pomwe iwowo ndi magulu osamwerana madzi. Alipo ovala kachipewa koluka pa liwombo, amenewa amagwira ntchito, amalima, ana awo aamuna amalowa usilikali ndipo ambiri amaphatikiza ndi maphunziro a Torah, malamulo a Mose aja, kwa zaka zisanu. Mabwana a mchimwene wanu poti ndi alimi ayenera kuti ndi amenewa. Ndiye pali a zipewa zakuda ndi majekete aatali, otchedwa Haredi, a ku Bnei Brak ndi Mea Shearim, mabanja a ana sikisi seveni, omwe anyamata awo ambiri salowa usilikali ati ntchito yawo ndi kuphunzira malemba. Zinayamba mu 1948 nduna yaikulu yoyamba Ben-Gurion atakhululukira ophunzira 400 okha, pano a Haredi onse aposa anthu miliyoni. Mu June 2024 khoti lalikulu linagamula kuti nawonso azilembedwa, koma zipani zawo, Shas ndi United Torah Judaism, ndi zomwe zinkachirikiza nduna yaikulu Netanyahu mu nyumba ya malamulo nthawi imeneyo ndiye nkhaniyo inkangozungulira. Mayi yemwe mwamuna wake wabwerera ku Gaza kachitatu akamaona mnyamata wamphamvu wa neba akupita kukawerenga, mukuganiza pa tebulo la Sabata amakamba zotani? Kwa ine ndale zimawalowera m'nyumba kudzera khomo limeneli kuposa za Iran zomwe timaonera pa TV.

Ena a zipewa zolukawo amakhala m'midzi ya ku West Bank, komwe mayiko ambiri ndi khoti la dziko lonse ku Hague amati anamanga mophwanya malamulo, iwo amati ndi Yudeya ndi Samariya dziko la makolo awo. Ndipo tisaiwale kuti kuseri kwa mpanda ku Gaza mabanja alibe mamad olo sayirini, anthu masauzande makumimakumi afa kumeneko ndipo ambiri nyumba zawo zinagwa.

Za mchimwene wanuyo, chomwe chimandidetsa nkhawa ine ndi choti kumunda kulibe chipinda cha konkire, ndipo antchito a m'minda ochokera ku Thailand angapo anafera momwemo. Mufunseni ngati anamuonetsa pothawira papafupi komanso ngati ali ndi app yochenjeza ija ya Home Front Command, nthambi ya asilikali yoteteza anthu wamba, pa foni yake. Sayirini ikamupeza pamtetete agone chafufumimba manja kumutu, adikire mphindi 10 asanadzuke chifukwa zidutswa zimagwabe Iron Dome, zida zawo zotchingira mizinga, ikaphulitsa mzinga m'mwamba. Iyeyo si Myuda ndiye foni yake Loweruka mutha kuimba bwinobwino, koma mukafuna mabwanawo dikirani mdima ugwe nyenyezi zitatu zioneke, ndipo kuyambira kumapeto kwa March mpaka October nthawi yawo imakhala patsogolo pa yathu ndi ola limodzi.