Kusintha general discharge kukhala honorable

Achimwene, mwafunsa ngati general discharge (kuchotsedwa usilikali pomwe ntchito inali yabwino koma panali zolakwika zina) ya mwana wanu, yemwe anali msilikali ku America, imasanduka yokha kukhala honorable (kuchoka usilikali mwaulemu wonse) pakatha miyezi 6. Ayi ndithu, zimenezo ndi mphekesera chabe. Ayenera kupempha yekha.

Ngati sipanathe zaka 15 chichokereni ntchito, alembe fomu ya DD 293 kupita ku Discharge Review Board (bungwe lounikanso mmene msilikali anachotsedwera ntchito) ya nthambi ya asilikali yomwe ankagwirako ntchito. Zaka zikapitirira pamenepo, fomu yake ndi DD 149. Chachikulu ndi umboni woti chigamulocho chinalakwika kapena chinalibe chilungamo, kungodandaula sikuthandiza. Ngati anadwala PTSD (matenda a maganizo obwera chifukwa cha zoopsa zomwe munthu anakumana nazo), aphatikize makalata a dokotala, poti kuyambira 2014 nkhani zotere amaziunika mwachifundo. Asazengereze, chifukwa wochotsedwa ndi general discharge sapatsidwa ndalama za sukulu za GI Bill zomwe boma limapereka kwa omwe anali asilikali.