Funsani Anti za Pakhomo: Kapeti yanji ingapirire fumbi la mu Lusaka?

Makalata a mwezi uno ambiri ndi a makapeti okhaokha, ndiye ndadziwa kuti kuzizira kwa Juni kwafikadi mpaka m'mapazi. Ndasankhapo anayi, inu amene munafunsa za makatani mudikire kaye mwezi wamawa.

FUNSO: Anti, ndine mayi wa ana awiri, wamng'ono wangoyamba kukwawa. Tasamukira kumene ku Chilenje m'nyumba ya renti, pansi ponse matailosi, manje m'mawa kuzizira kwake mwana sungamukhazike pansi. Ine mtima uli pa kapeti ija ya ubweya wautali amati shagi, yoyera, ndinaiwona pa Facebook ikuchita kuwala. Amuna anga akuti ayi tiike yodzaza pabalaza ponse yochita kumata ndi guluu. Takangana mpaka tatopa, tithandizeni.
Mayi wa ana awiri, Chilenje

YANKHO: Mayi, pepani ndikukhumudwitsani nonse awiri, pa ziwirizo palibe imene ndingakuuzeni kuti gulani. Tiyambe ndi ya bambo. Kapeti yomata siituluka panja, ndiye imadalira huva basi, ndipo magetsi athu mukudziwa kale mmene amathimira. Komanso nyumba ndi ya eni, tsiku losamuka simungainyamule, guluu amatsala pa matailosi ndipo dipoziti yanu ithera pomwepo.

Nanga shagi yanuyo. Ndi yokongola inde, ndipo kuponda kwake kumakoma, koma ganizirani mphepo ya Ogasiti mpaka Okutobala mmene imaulutsira dothi lofiira lija, limalowa ngakhale mawindo mutatseka, ndiye lonselo limakatera pansi pa ubweya pamene tsache silifika. Onjezerani nyenyeswa za buledi, mpunga, kanthongo ka nsima kamene mwana wagwetsa inu simunaone, zonse zimamira momwemo. Mwana wokwawa mphuno yake imakhala pafupi ndi kapeti tsiku lonse, manja pansi kenako mkamwa. Mu fumbi la m'nyumba mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timayambitsa kuyetsemula, ndipo kwa mwana wa mphumu timamudzutsira matenda. Shagi yoyera ikafuneni ku chipinda chogona, kakang'ono pambali pa bedi pamene nsapato sizifika, osati pabalaza.

Imene ndikufuna mugule ndi yongoyala, ya ubweya waufupi wosapitirira sentimita imodzi kapena yoluka yopanda ubweya, yoti anthu awiri atha kuikulunga Loweruka m'mawa, kutuluka nayo, kuipachika pa mpanda ndi kuikung'untha ndi ndodo mpaka fumbi lithe. Ngati simungainyamule kutuluka nayo pakhomo, isiyeni mushopu momwemo. Pa nyumba ya ana ine ndimakonda ya polypropylene, mtundu wa pulasitiki, chifukwa ulusi wake sumwa madzi, tiyi kapena juwisi akatayika mumapukuta zimachoka, ndipo mtengo wake ndi wofikirika. Vuto lake mafuta ndiye amakakamira, komanso pamene anthu amapondaponda ubweya umagona msanga, ya nayiloni imapirira kuposa apo koma mudzawonjezera ndalama. Mtundu sankhani wosakanikirana, wa maluwamaluwa kapena timizere, wokhala ndi bulauni, wofiirira kapena gire. Ena amathawira ku yakuda bii poganiza kuti ibisa litsiro, ayi ndithu, yakuda imaonetsa fumbi ndi kaulusi kalikonse.

Pa kukula kwake ndi pamene ndimamva chisoni ndikalowa m'nyumba zambiri, munthu wagula sofa yabwino kwa akalipentala a ku Kalingalinga aja a m'mbali mwa Alick Nkhata Road, kenako pakati waika kakapeti kongokwana tebulo la khofi, chipinda chonse chimaoneka chomwazika. Miyendo yakutsogolo ya masofa onse iziponda pa kapeti. Masaizi amene mungawapeze kwambiri ndi masentimita 160 kwa 230 ndi 200 kwa 290, pabalaza pa nyumba zambiri za ku Chilenje imodzi mwa ziwirizi ikwana. Musanapite kukagula yalani manyuzipepala pansi mulingo umenewo, muone ngati chitseko chikutseguka bwino komanso ngati kukhoma kukutsala malo a masentimita 30 kapena kuposa, ndipo tepi yoyezera mupite nayo. Pomaliza, pa matailosi kapeti imaterereka, mugulenso kamphira koyala pansi pake, agogo akabwera kuchokera ku Chipata asadzathyoke chiuno pakhomo panu.

FUNSO: Anti, ndinalowa mushopu ina mutauni wogulitsa akuti kapeti yake ndi ya ku Persia yeniyeni, ya ubweya wa nkhosa, yoluka pamanja, mtengo wake ndi wa malipiro anga a mwezi wonse. Ndikufuna ndiwagulire amayi anga koma ndikuopa kundidyera masuku pamutu. Ndingadziwe bwanji?
Mnyamata wa ku Matero

YANKHO: Achimwene, mwachita bwino kufunsa ndalama isanatuluke, ndipo amayi anu ali ndi mwana. Itembenuzeni muone kumsana kwake. Yoluka pamanja maluwa ake amaonekanso kumbuyo bwinobwino, timfundo take sitifanana ndendende ndipo mizere imakhota pang'ono apa ndi apo chifukwa ndi dzanja la munthu. Ya makina kumbuyo kumakhala kolunjika kofanana paliponse, kolimba, nthawi zina kopakidwa zomatira. Onaninso mphonje za kumapeto, pa yeniyeni mphonjezo ndi ulusi womwewo umene kapeti yonse yalukidwirapo, pa ya makina amachita kusokerera pambuyo pake ndipo msoko mutha kuuwona ndi maso.

Za ubweyawo, pemphani wogulitsa akuzulireni kaulusi kamodzi m'mphepete, mutuluke nako panja muyatse ndi machesi. Ubweya wa nkhosa umanunkha tsitsi lopsa, moto umazima wokha ndipo phulusa lake limafumbutuka mukalitikita ndi zala. Wa pulasitiki umakhwinyata, kusungunuka n'kusanduka kampira kolimba. Akakana kukupatsani kaulusiko mwayankhidwa kale.

Dziwaninso kuti makapeti ambiri a maluwa achi Persia amene ali m'mashopu ndi a makina, ochuluka amapangidwa ku Turkey makamaka mumzinda wa Gaziantep, ndipo si oipa ayi, ena amakhalitsa ndithu. Choipa ndi kulipira mtengo wa yoluka pamanja ya ku Iran, komwe ndi ku Persia kuja, pa chinthu cha makina. Yendani kaye ku Kamwala, mukaonenso m'mashopu a ku Manda Hill ndi East Park, mufananize mitengo ya saizi imodzimodziyo. Ina yoti muisamale ndi yonyezimira amati silika koma ili viscose, ulusi wa kufakitale wongofanana ndi silika, imeneyo madzi akangoigwera imasiya banga lachikasu, amayi adzangoilirira.

FUNSO: Anti ine ndikhala ku Kanyama, pansi ndi simenti timapaka Cobra. Chaka chatha nthawi ya mvula kapeti yanga inayamba kununkha, pochotsa ndinapeza pansi pake pachita chuku chakuda. Manje ndiyambirenso kugula kapena ndingosiya? Komanso timawotha mbaula m'nyumba kukazizira.
Mayi wa ku Kanyama

YANKHO: Mayi, kapetiyo sinalakwe ndipo inu si auve, vuto ndi pansi. Ku Kanyama thanthwe lili pafupi ndipo madzi a pansi pa nthaka amakwera msanga mvula ikalimba, simenti imakoka chinyezi chimenecho ndiye mukaivundikira ndi kapeti yokhala ndi mphira kumsana chinyezi chimasowa potulukira. Yesani izi, matani kapepala ka pulasitiki pa simenti ndi tepi mbali zonse zinayi, kakhale usiku ndi usana, mukapeza kachita thukuta mkati dziwani kuti pansi panu pamatulutsa madzi.

Zikatero chitani mwa nyengo. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala yalani kapeti yopepuka ya polypropylene, mvula yoyamba ikangogwa mu Novembala ichapeni, iume gwa, ikulungeni muiike pamwamba pa wadirobu. Miyezi ya mvula yalani mphasa kapena mkeka, ndipo musachite nazo manyazi, mphasa imalola simenti kupuma, dzuwa likawala mumangoitulutsa, ndipo pa simenti yofiira yopukutidwa bwino imakongola kwabasi. Ya khonje musaigule, imamwa chinyezi n'kuthimbirira.

Mbaula ndiye ndikupempheni ndithu. Polypropylene imasungunuka pa madigiri pafupifupi 160, khala limodzi likathethekera pamenepo limasiya dzenje lolimba losakonzeka, choncho mbaula ikhale patali pa simenti kapena pa njerwa. Koma choopsa kwambiri si kapeti, makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene sununkha ndipo umapha anthu ali mtulo. Zenera likhale lotsegula, ndipo musanagone mbaula ituluke panja, moto ukhalemo kapena uoneke ngati wazima.

FUNSO: Anti ndapeza kapeti yabwino ya salaula ku Soweto Market yotchipa, nditenge? Nanga mwana akakodzerapo ndizitani?
Mtsikana wa ku Mtendere

YANKHO: Tenga mwanawe, koma uyambe waitambasula yonse padzuwa, uinunkhize, uyang'ane m'mphepete ndi m'misoko ya kumbuyo ngati mulibe timadontho takuda ta nsikidzi. Ya fungo la chuku isiye ngakhale atakutsitsira bwanji, fungo limenelo silitha. Isalowe m'nyumba isanachapidwe, ma car wash ambiri amachapa makapeti, ungowauza asathire bulitchi ndipo usailandire ikadali yonyowa mkati, pisa chala mpaka pansi pa ubweya umve.

Za mkodzo, usatikite, ukatikita ukuukankhira mkati. Tenga thaulo louma upsinje mwamphamvu limwe madziwo, kenako uwazepo viniga woyera wosakaniza ndi madzi muyezo wofanana, upsinjenso ndi thaulo lina. Pakatsala kachinyezi pang'ono waza soda, agone usiku wonse, m'mawa usese ndi bulashi. Viniga uyambe wamuyesa pakona yobisika kuseri kwa sofa, uone ngati mtundu sukusuluka.