Kwa achemwali ofunsa za geni ya alamu

Achemwali, mwafunsa zinthu zitatu nthawi imodzi: kumene timagula alamu, momwe timamuolotsera pa Mwami, boda ya Zambia ndi Malawi, komanso ngati zili zoona kuti amakunga nkhope mpaka makwinya kutheratu, monga akunenera atsikana a pa TikTok. Ndiyamba ndi chomalizachi, chifukwa kasitomala wa ku msika wa Kapata kuno ku Chipata akasupuka nkhope sakalondola mwini sitolo ku Lusaka, amabwera pa tebulo panu.

Alamu amene tikunenayu ndi mwala woyera wowala, wina amabwera atapera kale kukhala ufa. Muli potaziyamu, aluminiyamu ndi salufeti, ndipo amasungunuka m'madzi. Akakhudza khungu lonyowa amalifinya, mafuta a pankhope amauma, timabowo ta pamphuno timaoneka ngati tachepa. Ndiye chifukwa chake ometa anamudziwa kalekale ife a zodzoladzola tisanamuyambe. Kaimeni m'babashopu muone: wometa akatha ndevu amaviika mwala m'madzi, kuuyendetsa pachibwano kawiri, bamboyo n'kutsinzina pang'ono chifukwa umaluma, ndipo kagazi ka pomwe lezala linadya kamaima pomwepo. M'khwapa nawo amathandiza kuchepetsa fungo la thukuta.

Kukungako ndi koona, koma sikukhalitsa. Zili ngati ng'oma yowambidwa pamoto: chikopa chimakungika n'kulira bwino, chikazizira chimabwerera mwakale. Nkhope ya mwana wamkazi imene yapakidwa m'mawa, pofika madzulo kapena akangosamba ili monga inalili. Makwinya sachoka, ndipo alamu sayeretsa munthu ayi. Wopaka tsiku ndi tsiku khungu limauma, limayamba kuyabwa ndi kufundula, ndipo pa khungu lathu lakudali pamene pakwiya pamatsala zigamba zakuda zimene zimatenga miyezi kuti zizilale. Amene amasakaniza ndi mandimu ndiwo amapsa msanga. Ine wogula aliyense ndimamuuza chimodzimodzi: ayambe wayesa pamkono n'kudikira tsiku, akaona kuti palibe chachitika anyowetse mwala, ayendetse kamodzi kapena kawiri, adikire mphindi imodzi kapena ziwiri, asukusule, adzole mafuta. Asayandikize m'maso, asapake pa chiphuphu chophulika, ndipo asamachite tsiku lililonse.

Pali enanso amene adzabwera monong'ona, kufuna alamu woti akaike kumalo obisika kuti azikakondweretsa abambo kunyumba. Musavomere, ngakhale atalipira kawiri. Khungu la kumeneko ndi lofewa, alamu amaliumitsa n'kuling'amba timabala tosaoneka, ndipo timabalato ndi khomo la matenda, HIV ikuphatikizidwa. Ndimakana poyera, ena amachoka atakwiya, basi.

Tsopano kogula. Alamu amene timagulitsa kuno ndi wochokera kunja, wambiri ku India ndi ku China. Amalowa kudzera m'masitolo a Amwenye, ndipo mukafunsa kuti fitkari akumvani msanga. Yambani mwayenda ku Down Shops konkuno ku Chipata kuti mudziwe mtengo wa pafupi, kenako muyerekeze ndi wa ku Kamwala ku Lusaka. Ulendo wa ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, choncho palibe amene amakwera basi chifukwa cha alamu yekha. Amakhala katundu wongowonjezera pansi pa chikwama, pamwamba pali mawigi, mameshi ndi mafuta odzola. Anzathu opita ku Kariakoo ku Dar es Salaam amabwera naye kudzera pa Nakonde, ndipo mukagwirizana ndi mmodzi wodalirika mutha kumutuma. Ku Lilongwe amapezekanso m'masitolo a ku Area 2, ndipo nthawi zina kumeneko ndiko kumatchipa, malinga ndi momwe kwacha ya Zambia ndi ya Malawi zikuyendera.

Pogula werengani thumba. Pakhale mawu oti potassium alum kapena potash alum. Alipo wina wotchedwa aluminium sulphate, amene makampani a madzi amathira kuti matope akhale pansi. Ameneyo ndi wa ntchito ina, ndipo si woti munthu azipaka kunkhope. Wogulitsa akakupatsani zibuma zotuwa za m'saka lopanda dzina, zisiyeni ngakhale zitchipe bwanji. Gumulani kachidutswa, ikani m'kapu ya madzi ofunda. Wabwino amasungunuka madzi n'kukhala oyera, osasiya zinyalala pansi.

Za pamalire ndi pamene ambiri amasokonezeka, ndiye mvetserani bwino. Kuchoka m'tauni kufika pa Mwami ndi makilomita 20 ndi pang'ono, matekisi amadzaza n'kunyamuka tsiku lonse. Kuyambira mu Disembala 2022, pamene a Hakainde Hichilema ndi a Lazarus Chakwera anatsegula malo atsopano aja, Mwami ndi Mchinji zinakhala boda ya kuima kamodzi. Simutsikanso kawiri monga kale, a mbali zonse ziwiri amakuthandizani pa nyumba imodzi. Zimenezo zinachepetsa nthawi, koma msonkho sizinauchotse.

Mwina munamva za STR, ndondomeko ya COMESA ya amalonda ang'onoang'ono, yoti katundu wosapitirira madola 2,000 amaoloka wopanda dyuti ndipo fomu yake ndi yaifupi. Ndi zoona, ndipo imatithandiza kwambiri. Koma ili ndi mfundo ziwiri zimene anthu amazidumpha: katunduyo akhale wolimidwa kapena wopangidwa mu Zambia kapena mu Malawi, ndiponso akhale pa mndandanda umene maiko awiriwa anagwirizana. Mtedza wa ku Mchinji ndi nkhani ina. Alamu wa ku India, ngakhale mwagula ku Lilongwe kapena ku Kamwala, amakhalabe wa ku India. Mukamulowetsa mu Zambia a ZRA, bungwe lotolera misonkho, adzawerengera msonkho wawo pamodzi ndi VAT ya 16 peresenti, mukapita naye ku Malawi a MRA, otolera misonkho a kumeneko, adzachita zawo. Choncho sungani lisiti ya kumene mwagula. Mukasowa lisiti, ofisala amaika mtengo umene iye akuuona kuti ndi woyenera, ndipo kawirikawiri sumakukomerani. Musanaime pa mzere pitani kaye pa desiki ya amalonda ang'onoang'ono, pomwe pamakhala munthu wothandiza za mafomu, mumufunse zimene mulipire. Kulowa m'bungwe la Cross Border Traders Association kumathandizanso, makamaka tsiku limene mwasemphana mawu ndi ofisala.

Anyamata a njinga ndi njinga zamoto adzakunyengererani kuti adutsitse katundu njira za zalewa. Pa katundu wochepa ngati ameneyu n'kupusa. Msonkho wake ndi waung'ono poyerekeza ndi kutaya chikwama chonse, ndipo mnyamatayo akangolowa m'munda wa chimanga osatulukanso mulibe kokadandaula. Chinanso, ufa woyera m'mapepala opanda dzina umachititsa wapolisi aliyense kuima. Olotsani alamu ali m'paketi yake ya kufakitale, kugawa mukagawire kunyumba. Musamuikenso m'chikwama chimodzi ndi mafuta oyeretsa khungu aja okhala ndi hydroquinone kapena mekyule. Akagwira amenewo amatenga zonse.

Ndalama nazo zili ndi msampha wake. Kwacha ya Malawi inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mtengo wa kubanki ndi wa osintha ndalama pamalire sufanana. Mukagulitsa pangongole ku Mchinji, pofika tsiku lolandira ndalamazo zitha kukhala zitachepa mphamvu. Ine mbali ya uko ndimafuna kashi, ndipo ndimasintha tsiku lomwelo kapena kugula katundu wobwera naye. Posintha werengani nokha, pang'onopang'ono, ndalama zanu zikadali m'manja. Osinthawo ali ndi zala zachangu.

Phindu lenileni lili pa kugawa. Kilogalamu imodzi yogulidwa yathunthu imatuluka timiyala tambiri tokwana m'dzanja la mwana, ndipo zogumuka za m'basi sizitayidwa: mumasinja, kusefa, n'kuika m'timapaketi. Powerengera mtengo musaiwale tekisi, msonkho, timapulasitiki ndi nsima ya panjira, chifukwa ambiri amangochotsa mtengo wogulira n'kumadabwa kuti mpamba ukupita kuti. Koma vuto la alamu ndi lakuti satha msanga. Mtsikana akagula mwala umodzi simudzamuonanso miyezi ingapo. Amene amabwera mobwerezabwereza ndi ometa, a ku Kapata, a ku Saturday Market, ngakhale a ku Katete ndi ku Lundazi mukakhala ndi wotuma pa basi. Ndimawalangiza kuti mwala umodzi usamayende pa zibwano za anthu onse pamene pali magazi, koma aliyense akhale ndi kachidutswa kake kapena agwiritse ufa pang'ono n'kutaya. N'zaukhondo, ndipo inenso ndimagulitsa zambiri, sindibisa.

Pa kapepala ka paketi lembani dzina la chinthucho, kagwiritsidwe kake ndi chenjezo la m'maso. Mawu oti chimachiza ziphuphu kapena chimayeretsa asapezekepo. Mukatero mwayamba kugulitsa mankhwala, ndipo a ZAMRA, amene amayang'anira mankhwala ndi zodzola pansi pa lamulo la 2013, akhala ndi chonena nanu. Mukadzakula mpaka kuika dzina lanu pa botolo, kawaoneni kaye.

Poyamba musagule wambiri. Tengani kilogalamu imodzi kapena ziwiri pamodzi ndi katundu wanu wa saluni, muone momwe ayendere. Mvula ikayamba mu Novembala musungeni m'ndowa ya chivindikiro, pamwamba osati pasimenti, chifukwa akamwa chinyontho ufa umaundana ndipo miyala imamatirirana. Mukafuna tidzapitire limodzi ku Mchinji mundiuze kusanache, tekisi za m'mawa ndizo zimafika pa boda malole asanachuluke.