Funsani Amalume: Akulu a Mpingo Akukana Mpira ndi Kukwera Phiri

FUNSO

Amalume, ndine mtsikana wa zaka 27, ndipo chaka chino anandisankha kukhala wapampando wa achinyamata pampingo pathu. M'kaundula tilimo 60, koma ku mapemphero a mkati mwa sabata timabwera 9 kapena 10. Ambiri akangomaliza sukulu n'kuyamba kufunafuna ntchito, sitiwaonanso. Ndinaganiza zoti Loweruka tizisewera mpira, nthawi zina tizikwera phiri. Ulendo woyamba anabwera 34, ena oti si a mpingo wathu n'komwe. Koma akulu a mpingo akuti tchalitchi si bwalo la masewera, komanso akuopa kuti anyamata ndi atsikana akapita limodzi kutchire kubuka zochititsa manyazi. Chinanso, tikati tipemphere, ena amazemba. Kodi ndisiye?

Wapampando wothedwa nzeru

YANKHO

Mwana wanga, usasiye. Anthu 34 amene aja akuuza okha kumene angapezeke.

Akuluwo ukawafotokozere mwaulemu kuti zimenezi sizinayambe ndi iwe. Timu ya Everton ya ku England inabadwira m'tchalitchi cha Methodist chotchedwa St Domingo, mumzinda wa Liverpool, mu 1878, ndipo chaka chotsatira inasintha dzina chifukwa anthu a kunja kwa mpingo ankafuna kulowamo. Masewera a basketball anawayambitsa James Naismith mu 1891 pasukulu ya bungwe lachikhristu la YMCA ku Springfield, m'dziko la America. Iyeyu anali ataphunzira zaubusa. Anapatsidwa anyamata otopa ndi kubindikira m'nyumba nyengo yozizira, iye n'kupachika madengu awiri a mapichesi, n'kulemba malamulo 13. Anthu amenewa ankadziwa kuti wachinyamata sabwera kwa Mulungu atasiya thupi lake kunyumba.

Komabe mantha a akuluwo usawapeputse, chifukwa ali ndi maziko. Uwayankhe ndi dongosolo looneka ndi maso. Pempha mkulu wa mpingo mmodzi ndi mayi mmodzi wa chigwirizano kuti aziyenda nanu. Lembani mayina ponyamuka, muwerengane pamwamba paphiri, muwerenganenso potsika. Aliyense anyamule madzi ake, pakhale kabokosi ka mabandeji ndi mankhwala a pabala, ndipo dzuwa lisakulowereni kutchire. Palibe wopatuka pagulu yekha, kapena mnyamata ndi mtsikana awiriwiri. Mkulu amene wakwera nanu kamodzi ndiye adzakuyankhulireni pamsonkhano wa akulu anzake.

Za ozemba mapemphero ndizo ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ine ndinalakwitsapo pamenepa ndipo zimandipwetekabe. Ndili mtsogoleri wa achinyamata, ndinkaika mpira pansi pa phazi langa n'kulalikira mphindi 40 tisanayambe kusewera. Anyamata anaphunzira kubwera mochedwa. Ena anasiyiratu, ndipo mmodzi anandiuza maso ndi maso kuti ndinawaitanira mpira koma ndinabisa mbedza m'kati. Ankanena zoona. Munthu wa zaka 24 si mwana, nyambo amaizindikira msanga. Choncho uziwauziratu powaitana: tisewera maola awiri, pomaliza tiwerenga ndime imodzi ndi kupemphera mphindi khumi, wofuna kukhala akhale. Ndipo mphindi khumizo zikhaledi khumi. Wochoka usamuyang'ane ndi diso lofiira, umuitanenso sabata yamawa.

Utumiki weniweni ndinaupeza kumbuyo kwa mzere. Tsiku lina tikutsika phiri, ndinatsalira ndi mnyamata wina amene ankayenda pang'onopang'ono. Tinayenda chete nthawi yaitali. Kenaka, maso ali pansi poponda, anandiuza kuti ntchito inamuthera miyezi inayi yapitayo, koma m'mawa uliwonse amavala n'kutuluka kuti makolo ake asadziwe. Mnyamatayu ankakhala benchi yachitatu Lamlungu lililonse, ndinkamupatsa moni pakhomo, iye n'kumati ali bwino. Pabenchi sakanandiuza. Anthu akamayenda moyandikana sayang'anana m'maso, ndipo pakamwa pamamasuka. Madzulo omwewo ndinamuperekeza kukauza bambo ake.

Werenganso Luka 24. Panjira ya ku Emau, mtunda wa makilomita pafupifupi 11, Yesu anayamba wafunsa anthu awiri aja chimene ankakambirana, anawalola kukhuthula chisoni chawo chonse, kenaka ndi pamene anawatsegulira malemba. Pa Marko 6:31 anatenga ophunzira ake kupita nawo kwaokha kuti akapumule, chifukwa analibe ndi mpata wakudya womwe.

Mpira wokha ukutayitsa ambiri. Umakondera othamanga, ndipo posakhalitsa atsikana, olumala ndi amanyazi amasanduka oonerera. Uzisinthasintha: Loweruka lina mpira wamanja wa matimu osakaniza, lina ulendo wapansi pamalo athyathyathya woti mayi wobereka mwana akwanitse, lina kubzala mitengo kapena kukonza nyumba ya munthu wokalamba. Matimu uzigawa wekha, kuti wosadziwa kusewera asamatsale yekha posankhana. Woyenda mochedwa ndiye aziika liwiro la gulu lonse. Ndalama nazo zisatsekereze munthu, poti ambiri mwa amene ukuwafunawo ndi omwe sali pantchito.

Sankha anzako anayi okhwima maganizo, anyamata awiri ndi atsikana awiri, oti pa ulendo uliwonse aziyenda kumbuyo ndi otsalira. Uwauze kuti zimene amva kumeneko si zokakamba pagulu, pokhapokha ngati moyo wa munthu uli pachiswe, pamenepo athamangire kwa abusa. Amene wajomba maulendo awiri otsatizana, mmodzi wa anayiwa amuimbire foni Lolemba. Undilemberenso akuluwo akakuyankha.

Amalume